Osunga Mbiri ya Nyanja: Ntchito ya Othandiza pa Nyumba ya Zinthu Zakale ku Mangochi

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, yomwe ili m'tauni ya Mangochi kufupi ndi mtsinje wa Shire, inatsegulidwa m'chaka cha 1971, ndipo kuyambira pamenepo ana asukulu, alendo akunja ndi anthu wamba akhala akupitako kukaona ndi maso awo zimene mabuku amangosimba za nyanja ya Malawi ndi anthu okhala m'mphepete mwake. Mbiri ya nyumba zoterezi imalembedwa kawirikawiri motsatira maina a akatswiri amene anafukula zinthu pansi, a akuluakulu amene anakhazikitsa malamulo, ndi a eni zombo zimene zotsalira zake zikuonetsedwa, pamene munthu amene amatsegula chitseko m'mawa, kupukuta fumbi, kulemba zinthu m'kaundula ndi kufotokozera alendo satchulidwa n'komwe. Munthu ameneyu ndiye wothandiza pa nyumba ya zinthu zakale, kutanthauza wantchito amene ali pansi pa woyang'anira wamkulu wa zosungidwazo ndipo amazigwira ndi manja tsiku ndi tsiku. Mbiri ya ntchito yake kumwera kwa nyanja ikusonyeza kuti chinthu chakale sichisungika chifukwa choti chalowa m'nyumba ya boma, koma chifukwa choti pali munthu amene akuchisamala ndiponso akudziwa kumene chinachokera.

Tauni imene inabala nyumbayi

Ntchito ya wothandiza ku Mangochi singamveke bwino popanda kudziwa mbiri ya malowa, chifukwa zambiri zimene iye amasunga zinachokera m'zaka zimene kumwera kwa nyanja kunali mphambano ya malonda, nkhondo ndi chipembedzo. Anthu a mtundu wa Anyanja anakhala m'derali kuyambira kale, akupha nsomba, kulima ndi kusula zitsulo, ndipo cha pakati pa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao ochokera kuvuma, omwe mafumu awo monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi anagwira njira zamalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo zopita kugombe la nyanja ya mchere ya India. David Livingstone anafika panyanjayi mu September 1859, ndipo mu October 1875 sitima ya Ilala, itanyamula E. D. Young ndi Dr Robert Laws, inalowa m'nyanja kudzera mu Shire n'kukakocheza ku Cape Maclear, kumene mishoni ya Livingstonia inakhala kufikira pamene malungo anaisamutsira ku Bandawe mu 1881. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda pofuna kulamulira potulukira mtsinje wa Shire, ndipo linga limeneli, lomwe linatchedwa Fort Johnston, linasamutsidwira pamalo pamene pali tauni lero mu 1897.

Fort Johnston inasanduka doko lalikulu la sitima zapanyanja, ndipo kufupi ndi kumeneko zombo zimene zinabwera m'zidutswa kuchokera ku Britain zinkalumikizidwa ndi amisiri. Sitima ya boma ya Guendolen inayamba kuyandama mu 1899, ndipo Chauncy Maples ya mishoni ya Anglican ya UMCA inatsatira mu 1901. Azungu a patauniyi anali ndi nyumba yawo yochezeramo yotchedwa Gymkhana Club, momwe munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito basi, ndipo nyumba yomweyi ndi imene inasandutsidwa malo osungiramo zinthu zakale dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Kusintha kumeneku kunali ndi tanthauzo lalikulu pa ntchito ya wothandiza, pakuti m'zipinda momwe makolo ake ankaperekera zakumwa kwa atsamunda, iye anayamba kuimamo monga mphunzitsi wa mbiri ya dziko lake.

Chiyambi cha ntchitoyi m'Malawi

Ganizo losonkhanitsa zinthu zakale m'nyumba imodzi linakula pakati pa mamembala a bungwe la Nyasaland Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1946 ndipo lero limatchedwa Society of Malawi. Lamulo lokhazikitsa nyumba yotere linaperekedwa mu 1957, zinthu zoyamba zinaonetsedwa ku Mandala House mumzinda wa Blantyre mu 1960, ndipo nyumba yaikulu ya ku Chichiri inatsegulidwa ndi Dr Hastings Kamuzu Banda mu June 1966. Chaka chotsatira boma linakhazikitsa nthambi yoona za zinthu zamakedzana, yomwe mkulu wake woyamba anali P. A. Cole-King, ndipo ntchito yake inali kufufuza, kufukula ndi kuteteza malo a mbiri. Nyumba ya ku Mangochi inabadwa m'nyengo yomweyi, ndipo inapatsidwa mbali yakeyake, yomwe ndi nyanja, zamoyo zake, zombo zake ndi anthu ake.

M'zaka zoyambirira akuluakulu a ntchitoyi anali Azungu, ndipo Amalawi ankalembedwa ntchito yonyamula, yokumba, yosesa, yolondera ndi yomasulira. Komabe ntchito yomasulirayo inali yoposa kusintha mawu kuchoka m'Chiyao kapena m'Chinyanja kupita m'Chingerezi, chifukwa wofufuza wochokera kunja sakanadziwa mudzi umene muli woumba mbiya waluso, nkhalamba imene ikukumbukira mzere wa mafumu, kapena chitunda chimene alimi amatolapo mapale akamagalauza munda, popanda munthu wa kumaloko womulondolera. Munthu yemweyo ndiye ankadziwa mwambo wokaonekera kaye kwa mfumu asanayambe kufunsa mafunso m'mudzi, ndiponso malire a zimene zinganenedwe pagulu ndi zimene zili za kusimba. Pamene akatswiri a Chimalawi monga Gadi Mgomezulu ndi Yusuf Juwayeyi anatenga utsogoleri wa kafukufuku wa zamakedzana, udindo wa wothandiza unali utakhazikika kale monga mlatho wa pakati pa ofesi ndi mudzi.

Mapale a ku Nkope ndi manja amene anawatsuka

Kumwera kwa nyanja kuli ndi malo apadera m'mbiri ya kafukufuku wa zamakedzana, chifukwa mitundu ingapo ya mbiya zakale za m'Malawi inapatsidwa maina a malo a m'boma la Mangochi. Ray Inskeep anafukula manda akale ku Nkhudzi Bay n'kufalitsa zotsatira zake mu 1965, ndipo m'mandamo munapezeka mbiya, zida zachitsulo ndi mikanda yagalasi yochokera kunja, zomwe zinasonyeza kuti anthu a m'derali ankachita malonda ndi amalonda akutali. Keith Robinson anafukula ku Nkope ndi malo ena oyandikana nawo, ndipo buku lake lonena za nyengo ya chitsulo kumwera kwa nyanja linatuluka mu 1970. Nyengo ya chitsulo ndi nthawi imene anthu anayamba kusungunula ndi kusula chitsulo, kulima ndi kukhala m'midzi yokhazikika. Mbiya zotchedwa za Nkope ndi za alimi oyambirira amene anafika m'derali zaka zoposa 1,500 zapitazo, za Mawudzu zimagwirizana ndi nyengo ya ufumu wa Maravi, pamene za Nkhudzi ndi za m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Mndandanda umenewu ndiwo umathandiza wofufuza kudziwa msinkhu wa mudzi wakale pongoyang'ana mapale ake.

Pakati pa phale lotoledwa m'dothi ndi dzina lolembedwa m'buku pali ntchito yaitali imene imagwiridwa ndi wothandiza. Dothi lochokera m'dzenje lofukulidwa limasefedwa kuti mikanda, mafupa a nsomba ndi makala zisatayike, ndipo chilichonse chimaikidwa m'thumba lolembedwa dzina la malo, nambala ya dzenje ndi kuya kwake. Pambuyo pake phale limatsukidwa m'madzi oyera ndi burashi yofewa, mosamala kuti mizere imene woumba anajambula pakhosi pa mbiya dongo likadali lofewa isafufutike, kenako limayanikidwa pamthunzi, ndipo likauma limalembedwa nambala ya timalemba tating'ono mkati mwake, pamalo osaoneka likaikidwa poonetsera. Wothandiza wozolowera amazindikira phale la Nkope ndi chala chake lisanafike pa diso, chifukwa mlomo wake ndi wochindikala ndipo pansi pa mlomowo pamakhala mizere yokumbika kapena timadontho todindidwa ndi kachida konga chipeso. Akapeza mapale awiri olumana amawamata ndi guluu amene angathe kusungunulidwanso, n'kuwaimika mumchenga kuti aume osapendekeka, mpaka mbiya imene inasweka zaka mazana ambiri zapitazo iyambe kuonekanso maonekedwe ake. Thumba limodzi likasokonezeka ndi linzake, umboni wa zaka mazanamazana umasanduka mulu wa mapale opanda mwini, ndipo palibe katswiri amene angaubwezeretse.

Kaundula ndi adani a zosungidwa

Mtima wa nyumba ya zinthu zakale ndi kaundula, buku limene chinthu chilichonse cholowa m'nyumbamo chimalembedwamo nambala yake, dzina lake m'chinenero cha eni ake, mudzi ndi mfumu ya kumene chachokera, ntchito yake, njira imene chapezekera ndi tsiku limene chalandiridwa. Mono, womwe ndi msampha wa nsomba wolukidwa ndi bango kapena nsungwi, ukakhala wopanda mbiri yotere umangokhala dengu lakale, koma ukalembedwa bwino umauza wofufuza wa mtsogolo mtundu wa nsomba umene unkakola, nyengo imene unkatcheredwa ndi mbali ya mtsinje imene unkaikidwa. N'chimodzimodzinso bwato logobedwa mumtengo umodzi, nkhafi, mbedza, khoka ndi chilimira, ukonde umene asodzi amaphera usipa ndi utaka. Zida zimenezi zikusintha mofulumira, pakuti ulusi wa nayiloni unalowa m'malo mwa ulusi wopotedwa ndi manja, ndipo mabwato a matabwa oyendera injini achuluka pamene mitengo ikuluikulu yogobera mabwato ikusowa. Motero zimene wothandiza analemba m'kaundula zaka makumi angapo zapitazo zikusanduka umboni wa luso limene achinyamata a m'madoko a Malembo, Msaka ndi Chembe sanalionepo.

Nyengo ya Mangochi siikomera zinthu zakale. Kutentha kwa mwezi wa October ndi November kumang'amba matabwa ndi zikopa za ng'oma, chinyezi cha m'dzinja chimabweretsa nkhungu pa nsalu ndi pa mapepala, chiswe chimalowera pansi ndi m'makoma, njenjete zimadya nthenga ndi ubweya, tizilombo tofumbula mitengo timaboola mipini ndi mitondo, ndipo dzimbiri limagwira chitsulo chilichonse chosapakidwa mafuta. Wothandiza amaphunzira kuwerenga zizindikiro za adani amenewa asanaononge, ndipo kaufa koyera kogwera pansi pa mpini wa khasu kapena kamzere ka dothi kokwera pakhoma n'zokwanira kumuchenjeza kuti chinthucho chichotsedwe pakati pa zinzake ndi kusamalidwa pachokha. Amadziwanso kuti kusamala si kukongoletsa, chifukwa mwaye umene uli kunsi kwa mphika kapena kusalala kwa chogwirira cha nkhafi ndi mbali ya mbiri ya chinthucho, ndipo kuzipala kuti ziwale n'kufafaniza umboni wa manja amene anazigwiritsa ntchito.

Kufotokozera alendo

Mbali ya ntchitoyi imene anthu ambiri amaiona ndi yolandira ndi kuyendetsa alendo, ndipo ku Mangochi imafuna munthu wotha kulankhula Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi, nthawi zina m'gulu limodzi. Chinthu chotchuka kwambiri m'nyumbayi ndi chifaniziro cha mbali ya kutsogolo ndi chipinda choyendetsera sitima ya Guendolen, ndipo mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss yochokera m'sitimayo ili panja kufupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomwe inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nkhani yake ndi yodziwika: mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Captain Edmund Rhoades anayendetsa Guendolen kupita ku Sphinxhaven, komwe lero kumatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa, ndipo zimenezi zinapatsa Britain ulamuliro wa nyanja yonse pa nkhondoyo. Mabuku ambiri amathera pamenepa, koma wothandiza wodziwa ntchito yake amapitiriza kufotokoza kuti sitima za nthunzi zinkayendera nkhuni zimene anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ankadula ndi kuunjika m'madoko, kuti osonkhezera moto ndi amalinyero ambiri anali Afirika, ndiponso kuti ulamuliro wa nyanjawo unatsegula njira yotumizira kumpoto katundu wankhondo amene amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anasenza pamutu monga amtengatenga.

Pansanja yomweyo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo pa 30 July 1946 kufupi ndi Florence Bay, kumpoto kwa nyanja. Ngoziyi ndi imene inachititsa kuti sitima yotsatira, Ilala yachiwiri, yomwe inamangidwa ku Scotland, kulumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba ulendo wake mu 1951, ikhale yokonzedwa molingana ndi ukali wa mwera, mphepo yochokera kumwera imene imavundula nyanja m'miyezi yozizira. Pofotokoza nkhani ngati imeneyi, wothandiza amakumbukira kuti pakati pa omvera pangakhale mdzukulu wa munthu amene anatsikira m'madzimo, choncho amalankhula mwaulemu woyenera maliro.

Kusamala kotereku kumafunika koposa pa nkhani ya malonda a akapolo. M'kalasi imodzi ya ana ochokera kusukulu za m'bomali mumakhala zidzukulu za amene anagulitsa, za amene anagulitsidwa ndi za asilikali amene anamenya nkhondo zogonjetsa mafumu, monga ija imene Captain Cecil Maguire anaphedwa polimbana ndi anthu a Makanjira mu December 1891, kapena ija ya 1895 imene inachotsa Jalasi paphiri lake pomwe pambuyo pake panamangidwa Fort Mangochi. Zolemba za atsamunda zinkaonetsa nkhondozi monga kulimbana kwa kuwala ndi mdima, pamene mbiri yosimbidwa m'midzi imakumbukiranso kutenthedwa kwa nyumba, msonkho ndi kulandidwa kwa ufumu. Wothandiza sayenera kubisa nkhanza za ukapolo, komanso sayenera kusandutsa mtundu wathunthu wa anthu kukhala wolakwa pamaso pa ana, ndipo pa chifukwa chimenechi amatchulanso kuti Ayao anali amalonda oyenda maulendo ataliatali, osula zitsulo ndi eni mbiri imene Yohanna Abdallah anailemba m'chinenero chawo m'buku la Chiikala cha Wayao mu 1919. Momwemonso, akafika pa zinthu zokhudza jando ndi nsondo, miyambo ya chinamwali cha anyamata ndi atsikana, amanena zimene mwambo umalola kunenedwa poyera n'kusiya zotsalazo kwa anamkungwi, pakuti nyumba ya zinthu zakale ikataya chikhulupiriro cha mafumu ndi akuluakulu a m'midzi imatayanso gwero la zimene imasunga.

Mbali ina ya ntchito yofotokozera ikukhudza zamoyo za m'nyanja. Nkhalango ndi madzi ozungulira Cape Maclear zinakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa a Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba, makamaka mbuna, tinsomba timene timakhala m'miyala ndipo sitipezeka mwachilengedwe kwina kulikonse. Mwana wa msodzi amafika m'nyumbayi akudziwa kale kusiyanitsa chambo, kampango, mcheni ndi mlamba kuposa mlendo aliyense, koma wothandiza ndiye amalumikiza chidziwitso chimenecho ndi mbiri, pomusonyeza kuti kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi kunatsatira kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kuonongeka kwa malo oswanirana nsomba, ndiponso kuti lamulo lotseka usodzi m'miyezi yoswana lili ndi chifukwa chomveka.

Ntchitoyi m'masiku ano

Nyumba za zinthu zakale m'Malawi zikuyendetsedwa motsatira lamulo la 1989, ndipo nthambi ziwiri zimene kale zinali zosiyana, yoona za nyumbazi ndi yoona za zinthu zamakedzana, zinaphatikizidwa kukhala nthambi imodzi ya boma. Nyumba zina zatsegulidwa, monga ya ku Mzuzu ndi ya ku Karonga yomwe inayamba mu 2004, ndipo ogwira ntchito zamaphunziro m'nyumbazi akhala akutuluka kupita m'masukulu ndi m'midzi, kugwiritsa ntchito magule ndi zinthu zachikhalidwe pophunzitsa za malungo ndi Edzi. Zipangizo zasinthanso, chifukwa kaundula wa pepala tsopano akufunika kulowetsedwa m'kompyuta pamodzi ndi zithunzi za chinthu chilichonse, kuti moto, madzi kapena chiswe zikaononga buku mbiri isathere pomwepo. Komabe kompyuta imangosunga zimene munthu waiuza, ndipo zambiri zimene othandiza akale amadziwa, monga mudzi umene munachokera ng'oma inayake kapena chifukwa chimene mpeni wina unasulidwira mopindika, sizinalembedwe paliponse ndipo zimapita nawo akapuma pantchito.

Pachifukwa chimenechi, wothandiza pa nyumba ya zinthu zakale sayenera kuonedwa ngati mlonda kapena wosesa amene wangopatsidwa makiyi, koma ngati mmisiri wa ntchito yofuna maphunziro, zipangizo ndi njira yokwerera paudindo. Boma, masukulu aukachenjede ndi khonsolo ya boma la Mangochi ali ndi udindo wophunzitsa achinyamata a m'derali luso losamala zinthu zakale, wojambula mawu a othandiza achikulire asanachoke, ndi wolemba maina a okumba, osonkhanitsa ndi omasulira m'malipoti a kafukufuku pamodzi ndi maina a akatswiri. Aphunzitsi nawonso ayenera kupita ndi ana awo kunyumbayi atakonzekera mafunso, ndipo mabanja amene akusunga zida zakale za usodzi, zithunzi kapena makalata a makolo amene anagwira ntchito pa sitima ayenera kukalembetsa mbiri ya zinthuzo eni ake akadali moyo. Mbiri ya kumwera kwa nyanja ya Malawi idzafika kwa mibadwo yakutsogolo molingana ndi mmene dziko lidzasamalire anthu amene akuisunga lero.